Baketi ya pa Khomo: Mbiri ya Kolona mu Komboni

Kuseri kwa nyumba yathu kuli baketi yabuluu yokhala ndi kampopi kumunsi. Masiku ano amai amasungiramo malasha, ndipo kampopi kaja kanathyoka kale. Mwana wa mlongo wanga, amene anabadwa mu 2021, amaiona ngati baketi chabe. Koma kwa zaka ziwiri baketi imeneyi ndiyo inali mlonda wa pakhomo pathu. Palibe amene analowa m'nyumba asanaipatse moni ndi manja ake awiri.

Mabuku a mbiri akadzalemba za matenda a kolona mu Zambia, adzayamba ndi masiku. Pa 18 Malichi 2020 boma linalengeza kuti anthu awiri oyamba apezeka ndi matendawa, ndipo anali atangobwera kuchokera ku France. Pa 20 Malichi masukulu anatsekedwa. Patapita masiku ochepa, Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti mabala ndi malo ovinira atsekedwe, komanso kuti pa maliro, pa ukwati kapena pa msonkhano pasapezeke anthu opitirira 50. Pa 2 Epulo tinamva za imfa yoyamba. Zonsezi n'zoona. Koma masiku amenewa sakamba mmene nyumba ya zipinda ziwiri inasungira anthu asanu ndi awiri, usana ndi usiku, kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Kuti timvetse chifukwa chake mau akuti "khalani kunyumba" anatilemera, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Lusaka inakhala likulu mu 1935, m'malo mwa Livingstone. Atsamunda anaikonza ngati tauni yawo. Munthu wakuda anamuwerenga ngati wanchito amene adzabwerera kumudzi nchito ikatha. Amene analibe nyumba ya kwa bwana anali kulipira kamalo pa mafamu a azungu ozungulira tauni, n'kumangapo kanyumba. Ndiye chifukwa chake makomboni ena mpaka lero ali ndi maina monga George, John Laing ndi John Howard. Ufulu utabwera mu 1964, anthu anakhamukira mu Lusaka, makomboni anakula, ndipo mu 1974 m'pamene panabwera lamulo lolola kuti malo otere avomerezedwe ndi kukonzedwa.

Nyumba zimene tinalandira kuchokera ku mbiri imeneyi n'zogonamo chabe. Umoyo wa mu komboni umachitikira panja. Mbaula ili panja, mpopi ndi wa anthu ambiri, chimbudzi n'cha mabanja atatu kapena anai. Nanga munthu atalikirana bwanji ndi mnzake pa mzere wa madzi? Zambia sinatseke dziko lonse monga inachitira South Africa, ndipo aliyense wa mu komboni anadziwa kuti sizikanatheka. Wogulitsa tomato ku Soweto akapanda kupita ku msika, madzulo poto sikhala pa moto.

Komabe kolona sinatipeze tili mbuli. Kolera ya kumapeto kwa 2017 inali itatiphunzitsa kale. Mu Januwale 2018 asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni, anthu a ku Kanyama analetsedwa kuyenda usiku, ndipo bwalo la Heroes linasanduka chipatala. Choncho pamene anati sambani m'manja, njira tinali kuidziwa. Amisiri owotcherera zitsulo ku Kalingalinga anali kupanga kale miyendo yachitsulo yoikapo baketi ya kampopi ndi beseni kunsi kwake, imene ambiri amaitchula kuti baketi ya Kalingalinga. Mu 2020 inaima pa khomo la banki, pa chipata cha tchalitchi, ngakhale pa kantemba. Yathu inalibe miyendo. Atate anaiika pa njerwa zinai.

Baketi sidzidzaza yokha. Uwu ndiwo mutu umene mabuku adzaudumpha. Madzi osamba m'manja anali kubwera pa mitu ya atsikana ndi m'mawilibala a anyamata, m'zigubu za malita 20, kuchokera ku mpopi wolipira. Atate, amene nchito yawo yophika pa malo ogona alendo inaima alendo ataleka kubwera, anaona koyamba ndi maso awo kuti mlongo wanga amapita ku mpopi kanai dzuwa lisanatenthe. Tsiku lina ananyamula chigubu n'kumutsatira. Atabwerako ali wefuwefu, anamuuza kuti, "Zikomo, mwanawe." Mlongo wanga akuti m'zaka zake zonse anali asanamvepo mau amenewo chifukwa cha madzi.

Zoyamikira za nthawi imeneyo zinali zazing'ono choncho. Atelala a pa msika anasoka mamasiki a chitenge kuchokera ku zotsala za madiresi, moti pa minibasi unali kuzindikira nsalu ya ukwati wa chaka chatha ili pa mphuno ya kondakitala. Alandilodi athu, amai okalamba amene tinali kuwaopa, anadikira lendi miyezi iwiri osagogoda. Magetsi akazima, ambuya anayambanso nthano za Kalulu zimene foni inali itazithamangitsa, ndipo atate anajambula bolodi ya drafuti pa katoni, tikumasewera ndi zitsekerero za mabotolo. Sindikamba kuti zinali zokoma. Ndiwo zinachepa, mikangano inachuluka, ndipo pamene a Giredi 7, 9 ndi 12 anabwerera ku sukulu pa 1 Juni, enafe pa 21 Sepitembala, anzathu ena sanabwerere konse.

Nthawi yowawitsa inafika m'nyengo yozizira ya 2021. Katemera anali atayamba pa 14 Epulo, koma ambiri tinali kumuopa chifukwa cha mphekesera za pa WhatsApp. Mu Juni ndi Julayi matenda anakula kuposa kale, zipatala zinadzaza, masukulu anatsekedwanso. Pa 17 Juni Kenneth Kaunda anamwalira ali ndi zaka 97, ndipo dziko linalowa m'maliro pamene makomboni anali kulira kale awo. Maliro enieniwo anasintha. Mwambo wathu ndi wakuti azimai agone m'nyumba ya maliro, azibambo aothe moto panja mpaka kucha. Chaka chimenecho ambiri anaikidwa mofulumira, achibale akumvera kulira pa foni.

M'mwezi womwewo amai anadwala. Thupi linatentha, chifuwa chinauma, ndipo anasiya kumva fungo. Tinawapatula m'chipinda chimodzi, ena tonse tinapanikizana m'chinacho. Monga nyumba zambiri, tinawiritsa masamba a bulugamu kuti afukize, tinawapatsa madzi a mandimu ndi jinja. Zimenezi sizinali mankhwala a kolona, koma zinapatsa manja athu chochita. Aneba athu, amene kale anakanganapo ndi amai pa nkhani ya chingwe choyanikira zovala, anali kubwera masana aliwonse ndi mbale ya nsima ndi chibwabwa. Anali kuiika pafupi ndi baketi ija, kugogoda kamodzi, n'kubwerera m'mbuyo. Kuchokera patali anali kufunsa kuti, "Agona bwanji odwala?" Sanalowe, koma sanalumphe tsiku.

Tsiku lina madzulo ndinaiwala kapenta pa mbaula. Tinangomva mau ochokera m'chipinda muja: "Ndani wapsereza ndiwo?" Tonse tinayang'anana. Kenako mlongo wanga anayamba kuseka, misozi ili mbwee. Amai anali atamva fungo. Kapenta wopserera uja tinamudya ngati nkhuku ya Khirisimasi, ndipo atapeza mphamvu, amai ndiwo anatitsogolera ku kiliniki kukabaitsa katemera. Nyumba yoyang'anana ndi yathu sinaone madzulo otere. Abambo a kumeneko anapita ku chipatala ndipo sanabwereko. Ulendo uno mbale inachokera kwathu.

Chimfine chachikulu cha 1918 chinafikanso m'dziko lino, pamene linali kutchedwa Northern Rhodesia, ndipo chinatenga anthu ambiri. Olemba nthawi imeneyo anali abwanamkubwa ndi amishonale. Amene anatunga madzi ndi kuphikira odwala phala anapita ndi nkhani zawo kumanda. Ife tili ndi mwai umene iwo analibe: timadziwa kulemba, ndipo mboni zikali ndi moyo. Funsani amai anu kuti ndani anawakongoza unga mu 2020. Funsani ambuya kuti ndani anawasokera masiki yoyamba. Lembani yankho, ngakhale mu foni.

Ine ndayamba ndi baketi. Dzulo ndinakhuthula malasha, ndinaitsuka, ndipo ndinaitana mwana wa mlongo wanga kuti ndimuonetse pamene panali kampopi.