Bonga wa ku Massangano m'mabuku a mbiri ya nkhondo

Wokhala m'dera la Mateus Sansão Muthemba mumzinda wa Tete, akafuna mabuku osimba za atsogoleri a nkhondo, asayang'ane kutali, pakuti kumunsi kwa mzindawo, kumene mtsinje wa Luenha umathira m'Zambezi, kunali linga la Massangano, limene mwini wake, Bonga (António Vicente da Cruz), anathyola magulu ankhondo a Apwitikizi kangapo pakati pa 1867 ndi 1869. Malyn Newitt analemba za iye mu 1973, ndipo Allen Isaacman mu 1976. Lingalo linagwa mu 1888, Bonga atagona kale ndi makolo ake, koma mlembi wa nthano zopotoza mbiri, wofunsa kuti "likadapanda kugwa, Tete akadakhala wa yani?", apeza pamenepa munda wachonde.