Zinki m'chakudya cha ana a nkhumba: mbiri ya kafukufuku kuyambira 1953

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, alimi a nkhumba ku America ankadandaula ndi matenda a pakhungu omwe ankagwira nkhumba zomwe zikukula. Khungu la m'miyendo ndi pamimba linkauma, kukhuthala n'kung'aluka, nkhumba n'kusiya kudya ndi kukula. Poyang'ana ankafanana ndi mphere, koma nkhumbazo sizinkadzikanda kwenikweni. Mu 1953, Kernkamp ndi Ferrin a ku University of Minnesota anafotokoza matendawa mwatsatanetsatane n'kuwatcha parakeratosis, ngakhale gwero lake linali lisanadziwike.

Yankho linachokera ku Auburn, m'chigawo cha Alabama, mu 1955. Tucker ndi Salmon anaonetsa kuti kuthira zinki pang'ono m'chakudya kumachiritsa ndi kupewa matendawa. Kuti zinki ndi wofunika m'thupi zinali zitadziwika kale mu 1934 pa makoswe a ku Wisconsin, koma ambiri ankaganiza kuti chimanga ndi soya zili ndi wokwanira. Ndipo poyeza m'labotale, zinkiyo ankapezekamodi.

Apa m'pamene pali phunziro lalikulu la mbiriyi. Zinki anali m'chakudya, koma sankalowa m'magazi. Akatswiri a ku Michigan State anapeza kuti kashiamu akachuluka, matendawa amakula. Kenako ku University of Missouri, O'Dell ndi Savage mu 1960 anaonetsa pa anapiye kuti phytate, yemwe amapezeka m'njere za mbewu, amamanga zinki m'matumbo. Mu 1962 Oberleas ndi anzake anatsimikiza zomwezo pa nkhumba. Kashiamu, phytate ndi zinki zikakumana zimaundana n'kutuluka ndi ndowe. Mlimi yemwe ankaonjeza laimu pofuna kulimbitsa mafupa a ziweto zake ndiye ankakulitsa vutolo asakudziwa.

Za chitetezo cha m'thupi zinabwera pambuyo. Mu 1968, gulu la Miller ku Michigan State linapeza kuti ana a nkhumba osowa zinki amakhala ndi thymus yaing'ono. Ichi ndi chiwalo cha m'khosi ndi pachifuwa momwe mumakhwimira ena mwa maselo olimbana ndi matenda. Kamwana kotere sikangopinimbira kokha, kamagwidwanso msanga ndi tizilombo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhani inatembenuka. Ku Denmark, Hanne Damgaard Poulsen anaonetsa kuti zinc oxide wochuluka kwambiri, mamiligalamu 2,500 mpaka 3,000 a zinki pa kilogalamu ya chakudya, amachepetsa kutsekula m'mimba kwa ana a nkhumba m'masabata awiri oyamba atasiyitsidwa kuyamwa. Mulingo umenewu ndi wa mankhwala, chifukwa thupi la kamwanako limangofuna mamiligalamu pafupifupi 100. Njirayi inali yotsika mtengo, motero inafala m'mayiko ambiri. Komatu zinki wambiriyo ankangodutsa m'matumbo n'kukathera m'manyowa, kenako m'nthaka, momwe sawola. Kunapezekanso kuti mabakiteriya ena opirira zinki, monga MRSA ya ziweto, amapiriranso mankhwala. Mu 2017 bungwe la European Union linagamula zothetsa njirayi, ndipo pofika June 2022 inaletsedwa. Malire omwe anatsala ndi mamiligalamu 150 pa kilogalamu.

Kwa ife kuno, gawo la mbiriyi lomwe likutikhudza kwambiri ndi la 1955 mpaka 1962, osati la ku Europe. Nkhumba zathu zambiri zimadya madeya ndi soya, zomwe zili ndi phytate wambiri, ndipo osakaniza okha chakudya amathira laimu mongoyerekeza ndi maso. Nkhumba zoyendayenda zimafukula dothi n'kupezamo mchere wina ndi wina, pomwe za m'khola la simenti zimadalira zomwe zili m'chodyeramo basi. Chotero alangizi akapeza nkhumba zokula pang'onopang'ono, zokhala ndi nkhanambo koma zosadzikanda, afunse kaye za kuchuluka kwa laimu komanso ngati m'chakudya muli premix, asanathamangire mankhwala a mphere. Pa zoyesa zathu za kadyetsedwe, kulemba mulingo wa zinki popanda wa kashiamu ndi phytate kudzapereka zotsatira zovuta kuziyerekeza ndi za malo ena.