Nyasa: Liwu Limodzi, Mayiko Atatu

Nditafika ku Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania, ndinapeza agogo ena akusoka ukonde pamchenga. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, madzi awa dzina lake n'chiyani?" Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Ndi nyanja, mwanawe." Koma zikwangwani za m'tauniyo zimati Ziwa Nyasa, pomwe kwathu kutsidya timati Nyanja ya Malawi.

Yankho la agogowo ndilo gwero la nkhani yonse. M'Chiyao, liwu loti nyasa limatanthauza nyanja basi, madzi aakulu alionse. Ndi mbale wake wa liwu lathu loti nyanja, komanso wa nyanza, limene limamveka m'dzina lakale la Victoria Nyanza. David Livingstone atafika pamadziwa mu Sepitembala 1859, anamva liwuli n'kulilemba ngati dzina. Choncho tikati Ziwa Nyasa, tikungonena kuti "nyanja nyanja".

Liwu wamba lija linayenda ulendo wautali. Mu 1907 Angerezi anatcha dziko lathu Nyasaland. Apwitikizi analemba Niassa, ndipo mpaka lero ndi dzina la chigawo cha kumpoto kwa Mozambique. Makolo athu opita kumigodi ndi kumafamu a ku Rhodesia ndi Joni ankatchedwa Manyasa, nthawi zina monyoza. N'chifukwa chake titalandira ufulu mu 1964 tinalisiya dzinalo ngati chovala cha utsamunda, ndipo mu 1968 Chinyanja chinasanduka Chichewa.

Kuno kummawa sanalisiye. Boma la Nyasa linakhazikitsidwa mu 2012, chaka chomwe mkangano wa malire unabukanso chifukwa cha chilolezo chofufuza mafuta chimene Malawi inapereka. Malawi imagwira pangano la Britain ndi Germany la 1890, loika malire m'gombe la kummawa. Tanzania imati malire ali pakati pa madzi. Motero dzina limene munthu wasankha limamveka ngati wasankha mbali.

Madzulo ake ndinaona mabwato akulowa m'madzi ndi nyali zokopera usipa, monga zimachitikira ku Nkhata Bay. Ndinaganizira ana a m'mbali zonse ziwiri amene akuphunzira mayina osiyana kusukulu, osauzidwa kuti makolo awo ankangoti nyanja. Nditatsanzika, agogo aja anandifunsa kwathu. Nditawauza, anangoloza kumadzulo n'kuti, "Ndiwe wa kutsidya."