Wogula Patsogolo, Mzinda Pambuyo

Munthu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akauza anzake kuti wagula, kawirikawiri safunsidwa kuti nyumbayo ndi ya zipinda zingati. Amafunsidwa kuti malowo ali mbali iti, ndi aakulu bwanji, ndipo mapepala ake ndi a kwa amfumu, a khonsolo kapena a ku unduna wa zamalo. Mafunsowa akuulula kuti kwa ambiri mwa ife kugula nyumba sikupereka ndalama n'kulandira makiyi. N'kugula kachigawo ka munda wa munthu wina kumphepete kwa mzinda, ku Njewa, ku Chitedze, ku Chileka kapena ku Mpemba, kenako n'kumaunjika njerwa chaka ndi chaka mpaka malata atakwera. Akatswiri a mapulani a mizinda amakonda kuukamba mchitidwewu ngati nthenda yatsopano, yobwera ndi ulamuliro wa zipani zambiri komanso dyera la mafumu. Mbiri ikukana zimenezo. Chikhazikitsireni matauni m'dziko muno, wantchito wamba wakhala akupeza pogona kunja kwa malire a tauni, kudzera kwa eni mudzi, ndipo boma lakhala likumupeza atamanga kale, likubwera mochedwa ndi msewu, madzi ndi chikalata. Chasintha n'chakuti malire aja asunthira kutali, ndipo oyenda njirayi lero si alonda ndi makhukhi okha, komanso aphunzitsi, anamwino ndi mabwana a m'maofesi.

Gwero lake lili ku Blantyre. Amishoni a Church of Scotland adakhazikika m'dera la mfumu Kapeni mu 1876, ndipo kampani ya African Lakes, yomwe anthu adaitcha Mandala, idawatsatira mu 1878. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, azungu owerengeka adali atadzitengera malo aakulu a kumapiri a Shire, ena posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, adavomereza zambiri mwa izi powapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Apa mpamene dziko lino lidayamba kukhala ndi umwini wa mitundu iwiri: wa papepala, womwe khoti ndi banki zimaumva, ndi wa pakamwa, womwe amasunga ndi mfumu ndi akuluakulu a mudzi. Tauni ya Blantyre, ndi ya Limbe yomwe idakula ndi njanji ya mu 1908 komanso fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco, zidamangidwa pa umwini wa papepala uja. M'katimo mudali mayadi a azungu ndi masitolo a amwenye. Wakuda amagonamo ngati wantchito, m'kanyumba ka kuseri kwa bwana, kamene mpaka lero timakatchabe boyizikota ngakhale ogonamo atakhala mphunzitsi ndi banja lake. Makalaliki, akalipentala, onyamula katundu ndi osankha fodya amalawirira wapansi kuchokera m'midzi yozinga tauni, ndipo Ndirande adakula motero, m'tsinde mwa phiri, pafupi mokwanira kuti munthu afike pantchito nthawi yake koma kunja mokwanira kuti malamulo a tauni asamukhudze.

Wobwera kuchokera ku Mulanje, ku Ntcheu kapena kutsidya kwa malire ku Mozambique amapita kwa nyakwawa kukapempha pomanga, atatenga nkhuku kapena kandalama kothokoza. Sikudali kugula, pakuti mwambo umati nthaka sigulitsidwa. Koma opempha atachuluka ndipo malo oyandikira ntchito atayamba kuchepa, chithokozo chija chidakula pang'onopang'ono mpaka kusanduka mtengo, dzina lokha n'kutsalira. Boma la atsamunda silidadandaule nazo. Wantchito wodzimangira yekha khumbi la mitengo ndi dothi, mkazi wake akulima kamunda kuseri, safuna malipiro okwanira lenti, ndipo tauni sitayapo khobidi pa madzi ake kapena chimbudzi chake. Mpaka m'zaka za m'ma 1950, njala ya 1949 itasonyeza kale mmene anthu ozungulira Blantyre adaliri pamavuto, mpamene boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby lidayamba kumangira anthu akuda nyumba zolongosoka kumbali ya Soche. Zidali zochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha ozifuna.

Mu 1964, chaka chomwe ufulu udabwera, padakhazikitsidwa bungwe la Malawi Housing Corporation, ndipo chaka chomwecho kudabadwa New Building Society, yomwe idadzasanduka NBS Bank mu 2004. Lamulo la zamalo la 1965 lidagawa nthaka patatu: ya boma, ya munthu payekha, ndi ya mafumu. Nyumba zomangidwa kale, ngati za ku Nkolokosa, Kanjedza kapena Area 18, zidapita makamaka kwa ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani, ndipo ngongole yogulira nyumba imafuna chikalata cha malo ndi malipiro a pamwezi odziwika bwino, zinthu ziwiri zomwe anthu ambiri a m'tauni sadakhale nazo. Chanzeru chenicheni chomwe bungwe la Malawi Housing Corporation lidayendetsa chidali china, chotchedwa Traditional Housing Areas. Woyeza malo amadula mapoloti, n'kusiya mipata ya misewu yafumbi, pena n'kuika mpopi wa anthu onse, ndipo wolandira poloti amamanga ndi zomwe angakwanitse, kaya ndi zidina, bola akumbe chimbudzi ndi kumalipira kandalama kochepa pachaka. Mbali zina za Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni, Kawale ndi Area 25 zidayamba chonchi. Tikayang'anitsitsa, boma lidangotengera njira ya kumudzi ija, ya kupatsidwa malo n'kudzimangira wekha, koma lidatsogoza chingwe choyezera. N'chifukwa chake m'madera amenewa galimoto ya maliro imafika pakhomo, pomwe m'madera oyandikana nawo bokosi limadutsa pamapewa m'tinjira ta pakati pa zimbudzi. Vuto lake, mapoloti oyezedwa amatuluka mochepa kuposa obwera m'tauni, mndandanda wa odikira udatalika zaka, ndipo ena adagwera m'manja mwa anthu a ndalama omwe adamangapo midadada ya lenti. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 maderawa adaperekedwa kwa makhonsolo a mizinda, omwe adalandira udindo popanda thumba lokwanira kudula mapoloti atsopano.

Lilongwe akadatha kuyamba mwatsopano, pakuti ndi mzinda wochita kujambula. Dr. Kamuzu Banda atatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, South Africa idapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni, ndipo mu 1975 likulu lidasamukadi. Pulani yake idali ya mzinda wotakasuka, wa mitengo ndi misewu itali-itali, wogawidwa m'madera a manambala, olemera kwawo ndi osauka kwawo. Koma taonani chiwerengero. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000. Mu 1977 adali pafupifupi 99,000. Mu 1998 adapitirira 440,000. Ndipo mu 2018 adafika 989,318. Palibe ofesi yomwe idadula mapoloti pa liwiro limeneli. Anthu adachita zomwe agogo awo adachita ku Ndirande: adapita kwa eni midzi yomwe malire a mzinda adaimeza. Mtandire adamera pambali pa Area 47, Kauma pafupi ndi Area 12, Mgona pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo, dera lililonse la osauka likutsamira pa dera lomwe limapereka ganyu. Papepala malo ambiriwa ndi a boma, ndipo lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mfumu mphamvu m'kati mwa mzinda popanda chilolezo cha khonsolo. Koma ikagwa zovuta, amene amaloza pokumba manda ndi mfumu yomweyo. Woyenda kumadzulo kwa Lilongwe aona tinkhalango tating'ono ta mitengo yachilengedwe titazingidwa ndi mipanda ya njerwa mbali zonse: amenewo ndi manda a mudzi, malo okhawo omwe sadagulitsidwe, ndipo nthawi zina gule wamkulu amatulukabe m'menemo n'kudutsa pakati pa mageti achitsulo a obwera.

Kugula kwake kwa lero n'kosavuta kukufotokoza. Dobadoba amatsogolera wogula kumunda womwe mizere ya chimanga cha chaka chatha ikuonekabe. Mwini munda, nthawi zambiri ndi amalume kapena alongo ake poti kwa Achewa malo amayendera kuchikazi, amayenda mapazi kuloza malire, n'kukhoma zikhomo kapena kubzala nkhadze m'makona. Akamvana mtengo amapita kwa amfumu, omwe amadinda pepala, nthawi zina long'amba m'kope la kusukulu, mboni n'kusainira, amfumu n'kulandira yawo. Wogula wochenjera sachedwa: amathira mchenga ndi miyala pamalopo, amaumbitsa njerwa n'kuotcha uvuni, kapena amakumba faundeshoni, chifukwa malo oonekera kuti ali ndi mwini ndi okhawo osagulitsidwa kawiri. Kenako nyumba imakwera monga mwa thumba, chaka chino kufika pawindo, chaka chamawa pabimu, banja n'kulowa zipinda ziwiri zitangofoleredwa kuti ndalama ya lenti isanduke ya simenti. Wina angati uku n'kusowa dongosolo, koma kuwerengetsera kwake n'komveka. Chiongoladzanja cha ngongole za kubanki mu 2024 chinkapitirira K25 pa K100 iliyonse pachaka, ndipo kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama yosunga kubanki imasungunuka, pomwe njerwa yootcha imadikira mwini wake.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo sizopepuka. Yoyamba ndi yakuti mafumu ndi madobadoba ena amagulitsa malo amodzi kwa anthu awiri kapena atatu, amagulitsa msewu, dambo ngakhale bwalo la sukulu, ndipo milandu ya malo yadzaza m'makhoti. Izi n'zoona. Koma chinyengo chimachuluka pomwe ogula achuluka ndipo khomo lovomerezeka ndi lopapatiza. Munthu yemwe wadikira poloti ya khonsolo zaka zambiri osayankhidwa sapita kwa amfumu chifukwa chokonda mikangano, koma chifukwa kumeneko nkhani imatha tsiku limodzi ndipo mboni zake adzakhala nazo pafupi. Chomwe amagula kwenikweni ndi kuvomerezedwa ndi mudzi, ndipo kwa zaka zoposa 100 chitetezo chimenechi chagwira ntchito kwa anthu ambiri kuposa omwe chawagwiritsa fuwa lamoto. Mfundo yachiwiri ndi yowawa kwambiri. Namondwe wa Freddy mu March 2023 adagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo ambiri adati anthuwo adachenjezedwa koma adakakamira kumanga m'phiri. Chenjezo lidalipodi. Chomwe padalibe ndi malo ena oyezedwa, otsika mtengo, oti munthu wogulitsa tomato ku Limbe n'kufikako wapansi. Kuuza munthu kuti choka osamulozera kopita n'kubwereza zomwe tauni ya atsamunda idachita, kungoti tsopano malo athyathyathya adatha ndipo otsala ndi otsetsereka.

Ena amaloza makampani omwe masiku ano akugula minda ikuluikulu kunja kwa mizinda, kuidula mapoloti, kulambula misewu ndi kulola wogula kulipira pang'onopang'ono, n'kunena kuti msika wathetsa vutoli. Kumbali ina akuchitadi ntchito yomwe boma lidaisiya, yotsogoza woyeza malo. Koma mitengo yawo ndi ya anthu apantchito ndi abale athu a ku Johannesburg ndi ku Britain, ndipo msewu wolambula ndi galeda suli chimodzimodzi ndi madzi, magetsi, sukulu ndi ngalande. Ndipo pali munthu mmodzi yemwe mkangano wonsewu umamuiwala: wogulitsa. Banja lomwe lagulitsa munda limagula malata, njinga yamoto ya kabaza kapena kulipira fizi, koma pakatha zaka zochepa ana ake amapezeka akulondera geti kapena kuchapa zovala pa nthaka yomwe agogo awo amakololapo mtedza. Malamulo atsopano a zamalo a 2016, omwe adakonzedwanso mu 2022, adabweretsa makomiti a zamalo m'midzi, okhala ndi amayi m'kati, komanso mwayi woti banja lilembetse malo ake n'kukhala ndi chikalata. Ndi chiyambi chabwino, koma kulembetsako kukuyenda pang'onopang'ono pomwe malonda akuthamanga.

Choncho funso loti tiletse bwanji anthu kugula kwa mafumu ndi lolakwika, pakuti atsamunda adalephera, boma la chipani chimodzi ndi mphamvu zake zonse lidalephera, ndipo makhonsolo a lero sangathe. Funso ndi lakuti woyeza malo afike liti. Akafika nyumba zisanamangidwe, msewu umangofuna zikhomo ndi kumvana ndi eni mudzi; akafika zitamangidwa, umafuna kugwetsa nyumba ndi kulipira chipukutamisozi. Makhonsolo a mizinda ndi a maboma ozungulira apite lero ku Mpingu, ku Lumbadzi, ku Lunzu ndi ku Chigumula, akakhale pansi ndi mafumu, akalembe misewu, malo a sukulu, a msika ndi a manda pomwe padakali chimanga. Area 25 idayezedwa motero zaka za m'ma 1970, ndipo misewu yake ikadalipo.