Keke ya Sitima ya ku Tengwe

Mbiri ya anthu a ku Nyasaland amene anakagwira ntchito m'mafamu a Azungu ku Southern Rhodesia yalembedwa makamaka kuchokera m'mabuku a malipiro, m'ziphaso ndi m'malamulo. Chimene ankadya tsiku wamba tikuchidziwa, pakuti phoso linkalembedwa: ufa, nyemba, mchere, ndi nyama ya apo ndi apo. Koma chimene ankadya pa tsiku lachisangalalo kalaliki sanachilembe, ndipo chinatsalira pa lilime la ana awo, amene lero ndi anthu aimvi. Chimodzi mwa zakudya zoterozo ndi keke ya sitima, imene ndikufuna kuiwerenga pano monga momwe wolemba mbiri amawerengera chikalata.

Tengwe ili m'boma la Hurungwe, m'chigawo cha Mashonaland West, kufupi ndi Karoi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la atsamunda linagawira Azungu malo a m'derali kuti azilima fodya, eni nthaka atawakankhira ku malo opatulidwira anthu akuda. Fodya amafuna manja ambiri, ndipo ambiri mwa manjawo anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena anayenda pansi kudzera ku Tete, ena anakwera malole a Ulere amene anayamba m'zaka za m'ma 1930, ena anatengedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1946. Amwayi anakwera sitima ku Limbe, nawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, nakafika ku Salisbury kudzera ku Umtali. Ashona anawatcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre. Kwawo, amene sanabwerere anatchedwa matchona.

Blair Rutherford, amene anachita kafukufuku m'mafamu a m'boma lomweli, anasonyeza m'buku lake la mu 2001, Working on the Margins, kuti mwini famu ankalamulira antchito ngati a pakhomo pake, osati ngati nzika. Lamulo la Masters and Servants la mu 1901 ndilo linkawamanga kufikira kumapeto kwa ulamuliro wa Azungu. Munthu amene ankakhala m'kati mwenimweni mwa ulamuliro wapakhomowo anali khuki, ndipo pa ntchito imeneyi Amalawi anatchuka.

Malume anga anali khuki pa famu ina ku Tengwe m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene nyumba za abwana zinazunguliridwa ndi mipanda ya waya chifukwa cha nkhondo yomenyera ufulu. Mwana wa bwana akamakumbukira tsiku lobadwa, dona ankatsegula buku lake la maphikidwe, naloza chithunzi, malume nkuumba keke yofanana ndi sitima pa chitofu cha nkhuni: mutu, mabogi atatu, mateyala a mabisiketi. Keke yotere imachita kusemedwa ndi mpeni, motero imasiya zibenthu zambiri. Zibenthuzo ndizo zinkawoloka waya madzulo, zitakulungidwa m'nyuzipepala, nkufika ku komboni. Mudzi wa mfiti, amati akulu, suthawika ngati muli nkhokwe yako. Ife tinkaopa nyumbayo, komabe tinkadikira fungo lake.

Pa Khirisimasi amayi ankayankha keke imeneyi ndi yawo. Ankakanda chikondamoyo, chimene ena amati chigumu: mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri, soda, shuga pang'ono ndi mkaka wosasa. Anansi athu Achishona anali ndi chimodho chawo, koma nthochi ndizo zinkasiyanitsa chathu. M'malo mwa mphika umodzi amayi ankathira phalalo m'zitini zazing'ono, naziika pa makala, ena pamwamba pa chivundikiro. Zikapsa ankazindandalika pa lichero, chachitali patsogolo, namata zitsekero za mabotolo m'mbali. Chodabwitsa n'chakuti njanji siinafike ku Karoi kapena ku Tengwe. Imathera cha ku Lion's Den. Ambiri a ife tinadya sitima tisanaione, ndipo kwa makolo athu inali sitima ina ndithu, ya ku Limbe ija, imene inawabweretsa koma siinawabweze.

Ine ndi achemwali anga tinayesa kuiphikanso ku Chinhoyi, ndipo pamenepo m'pamene keke inasanduka chikalata. Ufa wa m'sitolo unatuluka woyera ndi wosalala. Achemwali analawa, napukusa mutu: "Iwe, ichi si chimenecho. Chija chinkakanda pakhosi." Ankanena zoona. Ufa wa phoso unali chimanga cha pa famu pomwepo, chogayidwa ndi gaga wake yemwe. M'zaka zimenezo alimi akuluakulu ambiri ankabzala SR52, mbewu ya haibulidi imene inatulutsidwa ku Salisbury mu 1960, ya maso akuluakulu ofewa, yosiyana ndi chimanga cha makolo cholimba chimene amayi a ku Malawi amakonda kusinja. Ndiye kuti kukoma kumene ife timakutcha kwa kwathu sikunali kwa ku Malawi konse. Kunabadwira m'chigayo cha bwana. Tinachita kukagayitsa chimanga chosakonola, kusiya uvuni wa magetsi, nkusonkha makala panja. Apo fungo linayandikira, ngakhale shuga tinali titachulutsa, pakuti dzanja la munthu wokhuta silidziwa kuyeza monga la wosowa.

Ena anganene kuti kukumbukira keke yotere ndi kukometsera ukapolo. Sinditero. Zibenthu zinali zibenthu, ndipo malume anakalamba osakhalapo pa tebulo limene ankaliyalira. Koma keke ya m'zitini ija siinali yopatsidwa. Inali ntchito ya amayi amene anaona chinthu kuseri kwa waya nachipanga mwa iwo okha, monga momwe amuna awo anamangira madambwe a gule wamkulu m'mphepete mwa minda ya eni. Maphikidwe a dona ali m'mabuku, ndipo mdzukulu wake angawatsegule kulikonse kumene ali. A amayi anali m'dzanja.

Komboni imene inasunga luso limeneli inabalalika kuyambira mu 2000, pamene mafamu anayamba kulandidwa. Antchito ambiri anataya ntchito ndi nyumba pamodzi, ndipo ndi ochepa amene analandirako malo. Lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa alendo anthu obadwira mu Zimbabwe momwemo kwa makolo akunja, kufikira malamulo aakulu a dziko a mu 2013 atawabwezera unzika obadwa kwa makolo a m'maiko a SADC. Anusa Daimon walemba mwakuya za moyo wa Amalawi ameneŵa. Amene tinadyera limodzi sitima ija ena ali ku Karoi, ena ku Johannesburg, ena anapita ku Mangochi ndi ku Dedza kukafunafuna midzi imene ankangoimva dzina. Mwa amayi a m'komboni mwathu amene ankadziwa kuchuluka kwa soda poyeza ndi nsonga za zala, achemwali akuwerenga awiri amene akali moyo.