Pampu ya Insulini: Mawu Ake, Kagwiridwe Kake ndi Mtengo Wake

Pampu ya insulini ndi kamakina kakang'ono kovala pathupi, kamene kamalowetsa insulini pansi pa khungu pang'onopang'ono, usana ndi usiku. Ambiri mwa oigwiritsa ntchito ndi odwala matenda a shuga a mtundu woyamba, amene kapamba wawo anasiya kupanga insulini. Insulini inatulukiridwa ku Toronto m'chaka cha 1921 ndi Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo kwa zaka zoposa makumi asanu njira yoilandirira inali jakisoni basi. Mu 1978, John Pickup ndi Harry Keen a pa chipatala cha Guy's ku London anafalitsa zotsatira za kuthira insulini pansi pa khungu mosadukiza, ndipo mapampu onse a masiku ano akutsata njira imeneyo. Mawu amene madokotala, anamwino ndi makampani amagwiritsa ntchito pa nkhaniyi ali m'magulu anayi: onena za muyezo wa insulini, onena za zipangizo, oyezera zotsatira ndi ochenjeza za ngozi, ndi onena za ndalama. Magulu anayiwa ndi olukanalukana, chifukwa chipangizo chilichonse chimene chimathandiza kukonza muyezo chili ndi tsiku lake lotha ntchito ndiponso mtengo wake.

Mawu a muyezo

Insulini imayezedwa m'mayuniti. Yofala kwambiri ndi yolembedwa kuti U-100, kutanthauza mayuniti 100 pa mililita imodzi. M'pampu mumaikidwa mtundu umodzi wokha, wogwira ntchito mwamsanga, monga lispro, aspart kapena glulisine. Pampu imaitulutsa m'njira ziwiri.

Njira yoyamba imatchedwa basal. Iyi ndi insulini yochepa imene imadontha nthawi zonse, munthu adye kapena asadye, chifukwa chiwindi chimatulutsa shuga m'magazi ngakhale munthuyo ali mtulo. Kwa akuluakulu ambiri, basal imafika pafupifupi theka la insulini yonse ya pa tsiku. Apa ndi pamene pampu imaposera jakisoni. Insulini yokhalitsa ikabayidwa, yalowa, siingachepetsedwenso. Koma basal ya m'pampu imasinthika ora ndi ora. Amene shuga wake amakwera m'bandakucha akhoza kuikweza nthawi imeneyo, ndipo amene akupita kokathamanga kapena kukagwira ntchito yolemetsa akhoza kuitsitsa kwa maola ochepa.

Njira yachiwiri ndi bolus, insulini yoperekedwa pakamodzi munthu akamadya kapena shuga akakwera. Pampu imaiwerengera potsata manambala amene dokotala anaikamo. Nambala yoyamba ndi carb ratio, yonena magalamu a makabohaidireti amene yuniti imodzi ingathane nawo. Ngati yuniti imodzi imakwanira magalamu 10, chakudya cha magalamu 60 chimafuna mayuniti 6. Yachiwiri ndi correction factor, yonena mmene yuniti imodzi imatsitsira shuga. Ngati imatsitsa ndi 3 mmol/L, munthu amene shuga wake ali pa 12 ndipo akufuna afike pa 6 amafunika mayuniti 2. Yachitatu ndi insulin on board, kuchuluka kwa insulini ya bolus yapita imene ikadagwirabe ntchito m'thupi. Pampu imaichotsera pa bolus yatsopano kuti insulini isaunjikane n'kugwetsa shuga.

Manambala onsewa amadalira munthu mwiniwake. Pampu siiona chimene chili m'mbale. Mitanda ya nsima, mpunga kapena mbatata, wodyayo ndi amene ayenera kuyerekeza magalamu ake n'kuiuza. N'chifukwa chake zipatala zimayamba zaphunzitsa munthu kuwerenga makabohaidireti zisanamupatse pampu.

Mawu a zipangizo

Pampu ya chubu, monga MiniMed ya kampani ya Medtronic, t:slim X2 ya Tandem kapena YpsoPump, imakhala m'thumba kapena palamba. M'kati mwake muli kathanki kotchedwa reservoir kapena cartridge, kolowa mayuniti a pakati pa 160 ndi 300 malinga ndi mtundu wa pampu. Kuchokera pa kathankiko, insulini imadutsa m'kachubu kowonda mpaka pa kanyula, kapaipi kakang'ono kolowa pansi pa khungu la pamimba, pantchafu kapena pamatako. Kachubu, kanyula ndi chomatira chake pamodzi zimatchedwa infusion set, mwachidule seti. Seti yambiri imasinthidwa pakatha masiku awiri kapena atatu, ngakhale kuti ilipo ina yofika masiku 7. Ikakhalitsa, pamalopo pamatupa kapena kugwira mafinya, ndipo insulini siilowanso bwino. Kubaya malo amodzimodzi kumayambitsa timibulu ta mafuta pansi pa khungu, totchedwa lipohypertrophy, choncho malo obaya amasinthidwa nthawi zonse.

Pampu yomata, monga Omnipod ya kampani ya Insulet, ilibe chubu. Kathanki, kanyula ndi batire zili m'kabokosi kamodzi kotchedwa pod, komata pakhungu. Kamalowa mayuniti 200, kamagwira ntchito masiku atatu, kenaka kamatayidwa konse.

Chipangizo chachitatu ndi sensa, imene madokotala amaitcha CGM. Imayeza shuga m'madzi a pansi pa khungu mphindi zingapo zilizonse n'kutumiza nambalayo ku foni kapena ku pampu. Popeza siiyeza m'magazi mwenimweni, nambala yake imatsalira m'mbuyo pang'ono shuga akamasintha mofulumira. Dexcom G6 imakhala masiku 10, FreeStyle Libre 2 masiku 14, ndipo Guardian 4 masiku 7.

Pampu ndi sensa zikalumikizidwa kudzera m'pulogalamu ya kompyuta imene imakweza kapena kutsitsa insulini payokha, dongosololo limatchedwa hybrid closed loop. Mawu akuti hybrid akusonyeza kuti makina sagwira ntchito yonse: amayendetsa basal, koma bolus ya chakudya imafunabe munthu. Loyamba kuvomerezedwa ku America linali MiniMed 670G, mu 2016. Pambuyo pake panabwera Control-IQ, Omnipod 5, ndi CamAPS FX imene inapangidwa ndi akatswiri a ku Cambridge. Pampu iliyonse imagwirizana ndi masensa ena okha, kotero wosankha pampu amakhala wasankhiratu sensa, limodzi ndi mtengo wake.

Mawu oyezera zotsatira ndi ochenjeza za ngozi

HbA1c ndi muyezo wa m'magazi wosonyeza mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapita. Akuluakulu ambiri amalangizidwa kukhala pansi pa 7 peresenti. Kafukufuku wa DCCT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1993 atatsatira anthu 1,441 ku America ndi Canada, anasonyeza kuti kutsitsa shuga mosamala kumachepetsa kwambiri kuonongeka kwa maso, impso ndi mitsempha. Masensa anabweretsa muyezo wina wotchedwa time in range, nthawi imene shuga amakhala pakati pa 3.9 ndi 10.0 mmol/L. Mu 2019 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana kuti kwa odwala ambiri nthawiyi ipose 70 peresenti ya tsiku, ndipo nthawi yokhala pansi pa 3.9 isafike 4 peresenti. Shuga akatsika pansi pa 3.9 ndiye hypoglycaemia, imene odwala amangoitcha hypo: munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, kusokonezeka mutu, mwinanso kukomoka.

Mawu amene wovala pampu aliyense ayenera kuwadziwa bwino koposa ndi occlusion ndi DKA. Occlusion ndi kutsekeka kwa njira ya insulini, kanyula kakapindika kapena chubu ikatsekeka. Wobaya jakisoni amakhala ndi insulini yokhalitsa m'thupi, koma wovala pampu alibe. Insulini ikaleka kulowa, pakangopita maola ochepa thupi limayamba kuotcha mafuta n'kutulutsa asidi wotchedwa ketones. Asidiyu akachuluka ndiye DKA, vuto limene limayamba ndi ludzu, kusanza ndi kupweteka m'mimba, ndipo limapha munthu akachedwa kufika kuchipatala. Motero wovala pampu amasungabe jakisoni kapena peni ya insulini, insulini yokhalitsa, kamakina koyezera shuga pachala ndi timapepala toyezera ketones. Zimenezi nazonso zimalowa m'bajeti.

Mawu a ndalama

Mtengo wa pampu uli pawiri. Pali ndalama yogulira makinawo kamodzi, ndipo pali ndalama ya consumables, zinthu zotha zimene zimagulidwa mwezi ndi mwezi: maseti, timathanki, mapodi, masensa, zomatira, mabatire ndi insulini. Masamu ake ndi osavuta. Wosintha seti masiku atatu alionse amafuna maseti pafupifupi 122 pa chaka. Sensa ya masiku 10 imafunika ka 37 pa chaka, ya masiku 14 ka 26, osawerengera zomatuka msanga chifukwa cha thukuta. Mapampu ambiri a chubu amakhala ndi waranti ya zaka zinayi, nthawi imene kampani imalonjeza kukonza kapena kusintha pampu ikaonongeka. Pa zaka zinayizo munthu amatha maseti oyandikira 500, ndipo ndalama ya zinthu zotha imaposa kutali mtengo wa pampu. Pampu yomata imayamba motsika mtengo chifukwa palibe makina aakulu ogula, koma ndalama yonse imasamukira ku mapodi. Choncho kuyerekeza koona kwa mapampu awiri ndi kuphatikiza zonse za zaka zinayi, osati kuyang'ana mtengo wa tsiku logula.

Amene amalipira amasiyana dziko ndi dziko. Ku England, bungwe la NICE ndi limene limaunika ngati mankhwala kapena chipangizo n'choyenera ndalama za boma. Mu 2008 linavomereza pampu kwa a zaka 12 kupita m'tsogolo amene hypo imawasautsa kwambiri, kapena amene HbA1c yawo yakakamira pa 8.5 peresenti kapena kuposa, ngakhale akubaya jakisoni mosamala. Mu Disembala 2023 linavomereza hybrid closed loop kwa ana onse a shuga wa mtundu woyamba, amayi oyembekezera kapena ofuna kutenga pakati, ndi akuluakulu amene HbA1c yawo ili pa 7.5 peresenti kapena kuposa, kapena amene hypo imawavutitsa. Bungwe la zaumoyo la boma, NHS, linayamba kupereka zipangizozi mu 2024 pa ndondomeko ya zaka zisanu. Woyenerera salipira, koma amadikira.

Ku America nkhani yagona pa inshuwalansi, ndipo mawu ake ndi ofunika kuwamva. Premium ndi ndalama yolipira mwezi uliwonse kuti inshuwalansi isafe. Deductible ndi ndalama imene munthu amayamba walipira yekha chaka chilichonse kampani isanayambe kuthandiza. Copay ndi ndalama yokhazikika yolipira potenga katundu, pamene coinsurance ndi gawo la pa 100 la mtengo wake. Prior authorization ndi chilolezo chimene dokotala ayenera kupempha ku kampani pampu isanaperekedwe. Mu Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba ndi olumala, pampu ya chubu imawerengedwa m'gulu la zipangizo zokhalitsa ndipo wodwala amalipira 20 peresenti, pamene Omnipod imadutsira ku gawo la mankhwala. Kuyambira 2023, insulini ya mu Medicare siipitirira madola 35 pa mwezi, koma malire amenewa sakhudza maseti ndi masensa.

Ku Australia, dongosolo la boma la NDSS limachepetsa mtengo wa zinthu zotha, pamene pampu yeniyeniyo ambiri amaipeza kudzera mu inshuwalansi yolipira okha, ndipo kawirikawiri amadikira miyezi 12 atalowa. Ku South Africa, malamulo amakakamiza mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo, otchedwa medical aid, kulipira chithandizo cha matenda a shuga, koma ngati pampu ndi sensa zilipiridwa zimadalira pulani imene munthu ali nayo.

M'zipatala za boma ku Malawi, chithandizo cha shuga wa mtundu woyamba chimadalira insulini ya m'botolo ndi jakisoni. Banja lofuna pampu limayenera kuitanitsa zonse kunja ndi ndalama zakunja, kuganizira za kutchaja magetsi akazima, ndi kusunga insulini yosatsegula m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8.

Kusankha

Mafunso osankhira pampu amachokera m'mawu omwewa. Munthu wofuna mayuniti ambiri pa tsiku amayang'ana kukula kwa kathanki. Mwana wamng'ono amafuna pampu yotha kupereka tizigawo ting'onoting'ono ta yuniti. Wosambira kapena wosewera mpira amaganizira za chubu ndi madzi. Wosaona bwino amayesa kaye ngati manambala akuwerengeka. Pamwamba pa zonsezi pali mafunso atatu: kodi pafupi pali dokotala kapena namwino wodziwa pampu imeneyo, kodi zinthu zotha zizifika mwezi uliwonse osaphonya, nanga pampu ikafa usiku yolowa m'malo idzachokera kuti? Ngakhale makampani amatseka: mu 2017 Johnson & Johnson inalengeza kuti ikusiya kupanga mapampu a Animas, ndipo anthu masauzande ambiri anayenera kusamukira ku mtundu wina.

Pampu, makamaka yolumikizidwa ndi sensa, imachepetsa hypo ndi kuonjezera nthawi imene shuga amakhala pa muyezo wabwino, ndipo kwa makolo a ana odwala imabweretsa tulo timene anali atatiiwala. Koma phindu lonseli limakhalapo pokhapokha seti yotsatira ili kale m'nyumba. Majakisoni obayidwa mosamala, limodzi ndi kuyeza shuga pafupipafupi, amateteza munthu kuposa pampu imene zipangizo zake zimadukiza. Pampu yoyenera munthu ndi imene angathe kuipezera maseti, masensa ndi insulini mwezi uliwonse kwa zaka zonse zinayi.