Mchere Woyeretsa Madzi a mu Blantyre

Mayi wa ku Ndirande akamatunga madzi oyera pampopi, sadziwa kuti ambiri mwa madziwo adachoka mu Shire ali amatope. Chimene chimawayeretsa ndi mchere wotchedwa alamu.

M'chilengedwe mcherewu ndi wosowa. Umaoneka ngati ulusi woyera pamatanthwe a pafupi ndi mapiri ophulika ndiponso m'migodi ya malasha. Katswiri wa ku France, Beudant, adautcha alunogen m'chaka cha 1832. Popeza umasungunuka msanga, umakhalitsa pouma pokha. N'chifukwa chake alamu wa m'madzi amachita kupangidwa m'mafakitale, kawirikawiri kuchokera ku dothi la bauxite.

Bungwe la Blantyre Water Board lidakhazikitsidwa mu 1929. Anthu atachuluka, madzi a mumtsinje wa Mudi adachepa, choncho mu 1963 adayamba kupopa a mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Alamu akathiridwa m'madziwo, tizidutswa ta dothi timagwirana, n'kulemera, n'kudikha pansi.

Chodabwitsa n'chakuti bauxite adapezeka paphiri la Mulanje mu 1924, zaka zisanu bungwelo lisanabadwe, koma mgodi sudatsegulidwe.

Mitengo ya paphiri la Ndirande itatha m'zaka za m'ma 1990, dothi lidayamba kukokolokera mudamu la Mudi. Matope akachuluka, alamu amafunika wambiri, ndipo mtengo wake umagwera wotunga madzi. Wodula mtengo kuphiri amalipira pampopi.